Muzura, mfumu yomwe inkagwira dziko ndi nsalu

Mukafunsa munthu wa ku Mitundu kapena ku Nathenje kuti kwanu n'kuti, sayamba ndi Lilongwe. Akuuzani kuti kwa Chadza, kwa Chiseka, kwa Kalumba. Ngakhale ife a pa WhatsApp, tikamalemba fomu ya boma timasakasakabe dzina la T/A wathu. Ambiri timaganiza kuti kugawa dziko m'manja mwa mafumu kunabwera ndi atsamunda. Ayi ndithu. Atsamunda anangokuika m'malamulo awo mu 1912 ndi 1933. Amaravi anali atayamba kale, ndipo amene anasewera bwino masewerawa ndi Muzura.

Chiyambi chake n'chodabwitsa. Zolemba za Apwitikizi zimati munthuyu anayamba wakhala wantchito wawo kumwera kwa Zambezi, kenaka n'kuwoloka mtsinje, n'kusonkhanitsa anthu ake. Akatswiri a mbiri amakanganabe ngati anali Kalonga weniweni wa ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kapena munthu wodzipangira yekha ufumu. Mabuku ambiri amangomutcha Kalonga Muzura. Ineyo mkanganowo sundisowetsa tulo. Chomwe chimandikoka ndi momwe ankagwirira dziko lalikulu chonchija popanda foni, msewu kapena polisi.

Kalonga sankalamulira mudzi uliwonse yekha. Ankatumiza abale ake a mtundu wa Phiri kukakhala eni madera, ndipo nkhani za mvula ndi nsembe zinkatsala kwambiri m'manja mwa a Banda, monga ku kachisi wa Makewana ku Msinja, cha ku Dzalanyama kuno. Mlenje akapha njovu, mnyanga womwe wagunda pansi unali wa mwini dziko. Zikopa za mkango ndi kambuku, chimodzimodzi. Mfumu ya dera inkatula zimenezi kwa wamkulu wake, iye n'kugulitsa minyangayo kwa amalonda, kenaka nsalu ndi mikanda n'kutsika kubwerera kwa mafumu aja. Bola nsalu ikutsika, mtulo unkakwera.

Ku Ulaya kunachitikanso zofananako. Mu 782 Charlemagne atagonjetsa Saxony, anagawa dzikolo m'madera n'kuikamo nduna zochokera m'mabanja olemekezeka a komweko. Patapita mibadwo, ndunazo zinasandutsa maderawo chuma cha pabanja pawo. Vuto lake ndi lomwelo: amene wam'tuma kukakusungira dera, mawa amaliona ngati lake.

Muzura ankalidziwa vutoli, n'chifukwa chake ankaonetsetsa kuti khomo la malonda likhale lake. Mu 1608 anatumiza ankhondo 4,000 kukathandiza Apwitikizi ndi Gatsi Rusere, mfumu ya Mutapa ku dziko lomwe lero ndi Zimbabwe. Sikunali kukoma mtima, abale. Inali ngongole yomwe ankadziwa kuti adzaitolera.

Mu 1616 Gaspar Bocarro, pa ulendo wake wapansi wochokera ku Tete kupita ku Kilwa, anaima pa mudzi wa Muzura kwa masabata awiri. Anapereka nsalu, mikanda, mpaka bedi lake lenileni ndi zofunda zake. Muzura anabweza minyanga, chakudya ndi anthu omulondolera njira. Pa mphatsozo panalinso mayi, woperekedwa ngati katundu. Mbali imeneyi sitiyenera kuibisa tikamanyadira ufumu wa makolo.

Ngongole ija anaitolera mu 1622. Lundu, mfumu ya Amaravi ku chigwa cha Shire, anali atakula mphamvu moti sankamveranso aliyense, ndipo ankatseka njira ya kunyanja yamchere. Muzura anam'gonjetsa mothandizidwa ndi mfuti za Apwitikizi. Taganizani, kuitana alendo kuti akuthandize kumenya mbale wako. Ena anganene kuti ndi nzeru za ndale. Kwa ine ndi umboni woti nsalu payokha inali italephera kumugwira Lundu.

Ubwenzi ndi Apwitikizi nawo sunakhalitse. Gatsi Rusere atamwalira cha mu 1623, Muzura anawoloka Zambezi kufuna dziko la golide, koma anabwezedwa. Anayesanso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1630, mpaka kuopseza Quelimane, ndipo mu 1632 Diogo de Sousa de Meneses anam'thamangitsa. Apa mkuluyu anasiya za golide n'kuyang'ana kummawa. Minyanga ya Amaravi inayamba kuyenda pamtunda mpaka ku chilumba cha Mozambique, ndipo mu 1667, Muzura atapita kale, wansembe Manoel Barreto analemba za ufumu wa Kalonga wofika kugombe limenelo.

Zomwe ankaopa zinadzachitika m'zaka za m'ma 1700. Amalonda a Chiyao ndi ena anayamba kugula minyanga mwachindunji kwa mafumu a madera, osadzeranso kwa Kalonga. Mfumu yopeza nsalu payokha inalibenso chifukwa chotulira mtulo. Likulu linafota, madera n'kutsala ndi eni ake.

Pamene Yusuf Juwayeyi anakumba pa Mankhamba, anapeza mikanda yagalasi, zibangili za minyanga, mkuwa ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Kuchoka pa Nathenje, mumangotsata M1 kudutsa Dedza, n'kutsika phiri la ku Golomoti.