THOMAS HUNT MORGAN, MPHUNZITSI AMENE ANAWETA NCHENCHE

Mwambi uja wa make mbuu mwana mbuu ngwodziwika m'midzi yonse, pakuti mlimi ali yense aona thole likutengera mawanga a make kapena a nkhunzi, ndi mwana akutengera mphuno ya ambuye ace. Koma cinthu ceniceni cimene cinyamula maonekedwe kucokera kwa kholo kufika kwa mwana cinabisika kwa anthu zaka zambirimbiri. Mmodzi wa iwo amene anaulula cinsinsico ndiye Thomas Hunt Morgan wa ku America, ndipo anaciulula poweta tinchenche tating'ono tija tizungulira nthoci zobvunda.

Morgan anabadwa pa 25 September 1866 m'mudzi wa Lexington, m'dziko la Kentucky. Banja lace linali lochuka pa za nkhondo, pakuti mbale wa atate wace, John Hunt Morgan, anali kazembe wa asilikali a kummwera pa nkhondo ya paciweniweni ya ku America. Koma mnyamatayo anakonda zina, kuyendayenda m'chire ndi kutola mazira a mbalame ndi miyala yokhala ndi zizindikiro za zamoyo zakale. Anatsiriza maphunziro ace oyamba a pamwamba m'caka ca 1886 ku State College of Kentucky, napita ku yunivesite ya Johns Hopkins, kumene analandira udotolo wa sayansi m'caka ca 1890 atafufuza kakulidwe ka tizirombo ta m'nyanja tofanana ndi akangaude. Kuyambira 1891 anaphunzitsa zaka 13 pa Bryn Mawr, sukulu yaikulu ya akazi okhaokha. M'zaka zimenezi anapitanso kukagwira nchito ku Naples, ku Italy, kumene anakhwimitsa mwambo umene anausunga moyo wace wonse, wakuti mfundo iri yonse, ingakhale yomveka bwino cotani, iyenera kuyesedwa isanabvomerezedwe. M'caka ca 1904 anakwatira Lilian Sampson, amenenso anali wasayansi, nasamukira ku yunivesite ya Columbia, ku New York.

Masiku amenewo akatswiri anali kukangana pa nchito ya Gregor Mendel, wansembe wa ku Brno, amene anasindikiza zofufuza zace m'caka comwe cija Morgan anabadwa, ndipo anthu anadzazisamala m'caka ca 1900. Mendel, pokwatitsa mitundu ya nsawawa, anaona kuti maonekedwe ali onse ali ndi kanthu kace kowanyamula, kamene tsopano kachedwa jini, ndi kuti majini ayenda ali lonse palokha: mtundu wa mbeu sutsata kusalala kwa khungu lace. Pamenepo Walter Sutton ndi Theodor Boveri anaganiza kuti majiniwo akhala pa makromosomu, ndito timaulusi tating'ono ta m'kati mwa maselo a thupi, timene tioneka ndi maikulosikopu yokha, ndipo tikhala tiwiritiwiri, kena kocokera kwa atate, kena kwa amai.

Morgan anakana ganizo limeneli, ndipo cifukwa cace cinali canzeru. Anati makromosomu ngowerengeka, koma maonekedwe a camoyo ngosawerengeka. Tsono ngati majini ali pa makromosomu, majini ambiri ayenera kukhala pa kromosomu imodzi ndi kupita kwa mwana onse pamodzi, ndipo iye sanaone umboni wokwanira wakuti zitero. Kwenikweni umboni wina unalipo kale, pakuti m'caka ca 1905 William Bateson, Edith Saunders ndi Reginald Punnett ku England anapeza kuti pa mbeu ina ya maluwa mtundu wa duwa ndi maumbidwe a mungu wace zikonda kuyendera limodzi. Koma iwo sanakhulupirire kuti makromosomu ndiwo acititsa zimenezi.

Ca m'ma 1908 Morgan anayamba kuweta nchenche za pa zipatso, zochedwa Drosophila. Zinamkomera cifukwa zidya nthoci cabe, zikhala zambiri m'botolo limodzi la mkaka, ndipo mbadwo watsopano ubadwa pasanathe masabata awiri. Cipinda cace cinali ca mafiti 16 m'lifupi ndi 23 m'litali, muli madesiki 8, mabotolo osawerengeka ndi mkoko wa nthoci wopacikidwa pakhoma. Zaka ziwiri anayang'ana nchenche imodziimodzi ndi galasi la m'manja kufuna ya maonekedwe acilendo, osapeza kanthu kothandiza. Koma m'caka ca 1910 inapezeka nchenche yaimuna ya maso oyera, pamene zinzace zonse ziri ndi maso ofiira.

Anaikwatitsa ndi yaikazi ya maso ofiira, ndipo ana ace oposa 1,200 anabadwa pafupifupi onse ofiira maso. Anawo atakwatana okhaokha, adzukulu anatuluka motere: aakazi ofiira maso 2,459, aamuna ofiira maso 1,011, aamuna oyera maso 782. Wamkazi woyera maso panalibe ndi mmodzi yemwe. Tanthauzo lace linadzaoneka pa kromosomu yochedwa X. Yaikazi iri ndi ma X awiri, koma yaimuna iri ndi X imodzi yokha, imene ilandira kwa make. Ngati jini la maso oyera liri pa X, lidutsa mobisika mwa mwana wamkazi, pakuti X yace yaciwiri iliphimba, ndipo lidzaonekera mwa mdzukulu wamwamuna amene alibe cophimbira.

Pofika 1911 nchenche zina zacilendo zinapezeka, zina za thupi lacikasu, zina za mapiko aang'ono, ndipo majini ace anatsatanso X. Apa Morgan anaona ndi maso ace cinthu comwe cija anati sicicitika. Majini a pa kromosomu imodzi anali kupita kwa ana ali omangana, cimene asayansi acha linkage. Sanaumirire pa mau ace akale, ngakhale anali atawasindikiza kumene. Anatembenuka, nakhala mtsogoleri wa ciphunzitso cimene anacikana.

Panatsala funso lina lobvuta, pakuti kumanganaku sikunali kofanana. Thupi lacikasu ndi maso oyera zinalekana mwa mwana mmodzi yekha pa ana 100 ali onse, koma maso oyera ndi mapiko aang'ono zinalekana mwa mmodzi pa atatu. Yankho linacokera ku nchito ya wansembe wina, Frans Janssens wa ku Louvain, ku Belgium, amene m'caka ca 1909 anaona makromosomu awiri apamodzi akupotana pa nthawi ya kupangika kwa maselo a ubereki. Morgan anaganiza kuti popotanapo aduka ndi kusinthana zigawo. Ziri ngati zingwe ziwiri za mikanda zogonekedwa pamodzi, zimene munthu azidula pa malo amodzi ndi kulumikiza mutu wa cina ku mcira wa cinzace. Mikanda iwiri yoyandikana idzalekana kamodzikamodzi, cifukwa mpeni sugwera kawirikawiri pa mpata waung'ono wa pakati pao. Koma mikanda yotalikirana idzalekana nthawi zambiri.

Amene anatenga mfundoyi napita nayo patsogolo anali wophunzira wace, Alfred Sturtevant, mnyamata wa zaka pafupifupi 20, amene Morgan anamlandira ataona zimene analemba za mitundu ya ubweya wa akavalo. Tsiku lina m'caka ca 1911, akukambirana ndi mphunzitsi wace, anazindikira kuti kuculuka kwa kulekana kukhoza kukhala muyeso wa mtunda, monga munthu wodziwa mamailosi a pakati pa midzi ya pa mseu umodzi akhoza kudziwa ndondomeko yace asanauyende. Anatenga mapepala a ziwerengero, nasiya nchito ya kusukulu imene anapatsidwa, nacezera usiku; kutaca anali ndi mapu oyamba a kromosomu. Jini la thupi lacikasu analiika pa 0, la maso oyera pa 1, la mapiko aang'ono pafupi ndi 34. Mapuwo anasindikizidwa m'caka ca 1913 m'dzina la mnyamatayo.

Winanso anali Calvin Bridges, mwana wamasiye, amene analowa m'cipindamo ngati wotsuka mabotolo, nadzakhala katswiri wopeza nchenche zacilendo. M'caka ca 1915 Morgan, Sturtevant, Bridges ndi Hermann Muller analemba buku lochedwa The Mechanism of Mendelian Heredity. M'menemo anaonetsa kuti majini onse odziwika a nchencheyo agwa m'magulu anai omangana, ndipo makromosomu ace ali magulu anai a awiriawiri. M'cipinda muja munthu ali yense anali ndi ufulu wa kulankhula ndi kutsutsa, kotero kuti nthawi zina kunali kobvuta kudziwa mwini ganizo, ndipo Muller anadandaula zaka zambiri kuti mbali yace sinayamikidwe mokwanira.

Zimene zinapezeka mwa nchenche zinatsimikizika mwa zamoyo zina. M'caka ca 1931 Harriet Creighton ndi Barbara McClintock anaonetsa pa cimanga kuti majini akalekana, makromosomu asinthanadi zigawo zooneka ndi maikulosikopu. Mwa anthu, amene ali ndi makromosomu 46, nthenda ya mwazi wosaundana ndi cilema ca kusasiyanitsa cofiira ndi cobiriwira ziri pa X. Ndico cifukwa cace zigwira ana aamuna kopambana, zitadutsa mwa amai ao. Obereketsa mbeu ndi ziweto nawonso adziwa tsopano cifukwa cace khalidwe labwino libwera nthawi zina litamangana ndi loipa, ndi kuti kuzilekanitsa kufuna mibadwo yambiri. Muyeso wa mtunda wa pa mapu a majini uchedwa sentimogani, kukumbukira dzina la Morgan.

M'caka ca 1928 anasamukira ku California Institute of Technology, ku Pasadena, kukayambitsa cigawo ca maphunziro a zamoyo. M'caka ca 1933 analandira mphotho ya Nobel, ndipo ndalama zace anazigawira ana ace anai pamodzi ndi ana a Bridges ndi a Sturtevant, pozindikira kuti nchitoyo sanaigwire yekha. Anamwalira pa 4 December 1945, ali ndi zaka 79.

Mphunzitsi wa kumudzi amene adandaula kusowa kwa zipangizo angakumbuke kuti nchito imeneyi inayamba ndi mabotolo, nthoci ndi kuwerenga mosamala, ndipo nchenchezo ziri pa msika uli wonse nyengo ya mango. Koma cobvuta koposa kutsanzira ndi mtima wa munthuyo, amene anabvomera pamaso pa anzace kuti analakwa, ndiponso anamvetsera mwana wa sukulu wobwera m'mawa wopanda nchito imene anapatsidwa, nayang'ana coyamba cimene cinali pa pepala lace.