Leonhard Euler, mwana wa abusa amene anawerengera njira ya mwezi ali wakhungu

Leonhard Euler anabadwira ku Basel, m'dziko la Switzerland, pa 15 Epulo 1707. Atate ake, a Paul Euler, anali abusa a mpingo wa Reformed ndipo anafuna kuti mwana wao adzakhalenso m'busa. Mnyamatayo analowa yunivesite ali ndi zaka 13. Kumeneko mphunzitsi wa masamu, Johann Bernoulli, anaona mphatso yake, nayamba kumuthandiza Loweruka lililonse masana. Ndiye amene anapempha abusa kuti amulole mwanayo kutsata masamu, ndipo abusa anavomera.

Mu 1727 Euler anapita kukagwira nchito ku St Petersburg, ku Russia. Mu 1741 anasamukira ku Berlin, kumene anakhala zaka 25, kenaka anabwerera ku Russia.

Mwa zambiri zimene anasiya, pali njira imene ophunzira amaichula ndi dzina lake mpaka lero. Inatuluka m'buku lake la mu 1768. Tiyerekeze thanki ya madzi yoboola pansi. Ikakhala yodzaza, madzi amatuluka mwamphamvu. Akamatsika, liwiro limacepa. Nanga adzatsala angati pakapita ola limodzi? Euler anaphunzitsa kuyenda pang'onopang'ono: tengani liwiro la tsopano, werengerani madzi otuluka m'mphindi imodzi, pezani liwiro latsopano, bwerezaninso. Yankho silikhala lenileni ndendende, koma mukacepetsa sitepe iliyonse, colakwa cimacepanso. Vuto ndi lakuti masamu ake amaculuka mpaka dzanja kutopa. Nchito yotopetsayi ndiyo imene makompyuta amagwira masiku ano, ndipo olosera za nyengo amagwiritsa nchito njira zimene zinakula kucokera pamenepa.

Moyo wake sunali wofewa. Iye ndi mkazi wake Katharina anabereka ana 13, koma asanu okha ndiwo anakula. Diso lake lamanja linafa ali ndi zaka pafupifupi 30. Mu 1771 linalo linaleka kuona, ndipo caka comweco moto unatentha nyumba yake; munthu wina wa kwao ku Basel ndiye anamunyamula kumutulutsa m'motomo. Komabe mu 1772 anatulutsa buku lalikulu la kayendedwe ka mwezi. Masamu ambiri amawasunga m'mutu, mwana wake ndi omuthandiza n'kumalemba. Nkhani ya mwezi siinali yongosangalatsa akatswiri ai: oyenda pa nyanja amadalira malo a mwezi kuti adziwe pamene sitima yao yafika, ndipo mu 1765 nyumba ya malamulo ya ku Britain inamupatsa mapaundi 300 cifukwa ca nchito yake yoyamba pa nkhaniyi.

Ubusa sanaucite, koma madzulo amasonkhanitsa a m'nyumba mwake kuti apemphere ndi kumva cigawo ca Baibulo. Anamwalira pa 18 Seputembala 1783 ku St Petersburg. Tsiku limenelo anali atakambirana ndi mnzake za njira ya Uranus, pulaneti imene inali itangopezeka zaka ziwiri m'mbuyomo.