Kamuzu, mlendo amene anasamutsa alendo

Ife a ku Lifupa, kuno ku Kasungu, timanyadira Dr. Hastings Kamuzu Banda ngati mwana wakwathu. Iwo anakhala mlendo kunja zaka zoposa 40: ku Joni, ku America, ndi ku Britain kumene anali dokotala komanso mkulu wampingo. Anabwerera kumudzi mu 1958.

Anapeza atsamunda atasiya malonda a kumidzi m'manja mwa Amwenye. Pofuna kuti malondawo akhale a Amalawi, m'zaka za m'ma 1970 analamula Amwenye kusamukira m'mizinda, ngakhale obadwira konkuno. Sitolo zambiri zinangotsekedwa, alimi nkusowa pogula mchere ndi palafini. Tikamawerenga Levitiko 19, za kukonda mlendo, nkhaniyi imatisautsa mumtima.

A Kamuzu anamwalira mu 1997 m'chipatala ku Johannesburg, kuchilendonso.