Mai Julia Chikamoneka, Mzimai Amene Anabvula Pamaso pa Nduna ya ku London

Pamene anthu achula maina a omenyera ufulu wa dziko la Zambia, kawirikawiri amayamba ndi Bambo Kenneth Kaunda, Bambo Harry Nkumbula ndi Bambo Simon Kapwepwe. Dzina la mzimai limabwera pa mapeto, ngati labwera. Koma ku Lusaka kunali mai wina wa pa msika amene apolisi a atsamunda anamdziwa bwino lomwe.

Mai Julia Mulenga Nsofwa anabadwira ku Kasama kuciyambi kwa zaka za m'ma 1900. Sanapite patali ndi sukulu, monga analili atsikana ambiri a nthawi imeneyo. Mu 1938 anafika ku Lusaka, ndipo anapeza zosowa za pa nyumba mwa kugulitsa zakudya pa msika. Masiku amenewo tauni inali kuonedwa ngati malo a amuna opita ku nchito. Mkazi wopanda kalata ya ukwati anali kukaikiridwa kuti ndi wa ciwerewere, ndipo m'matauni a migodi ena anali kubwezedwa kumudzi. Mwamuna sanali kufunsidwa za mkhalidwe wace.

Msika ndiwo unali sukulu yao ya ndale. Mzimai ndiye anali kugula ndiwo, motero ndiye anali kuima pa kazenera ka kumbali kwa bucala, pamene mzungu analowa pa khomo nasankha nyama yokoma. Cipani ca African National Congress citaitanitsa anthu kuti aleke kugula m'mabucala otere m'zaka za m'ma 1950, Mai Julia ndi anzao anaima pa makomo kubweza ogula. Anamangidwa kangapo. Dzina lakuti Chikamoneka, limene m'Cibemba litanthauza kuti cidzaoneka, analitenga m'masiku omwewo a kulimbana ndi boma.

Kunalibe lamya m'makomboni, ndipo wailesi inali m'manja mwa boma. Nanga msonkhano wa cipani ukamveka bwanji? Mai Julia anali kuika timiyala m'citini, nayenda usiku kukhocheza pakati pa nyumba. Womva phokosolo anadziwa kuti kuli msonkhano. Cipani ca UNIP citabadwa mu 1959, iwo anakhala mmodzi wa atsogoleri a gulu lace la azimai, kufikira anthu anawacha Mama UNIP. Azimai a gululi anaphikira atsogoleri, anabisa ofunidwa ndi apolisi, nasonkha ndalama za milandu. Nchito zimenezi sizilembedwa kawirikawiri m'mabuku, pakuti anthu aziyesa nchito wamba za mkazi.

Cimene cinachukitsa dzina lao cinacitika mu March 1960. Bambo Iain Macleod, Nduna ya Britain yoyang'anira maiko a atsamunda, anafika ku Lusaka pamene Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, cimene cinayamba mu 1953, cinali kukanidwa ndi anthu akuda konse konse. Mai Julia, pamodzi ndi Mai Emelia Saidi ndi Mai Mandalena Mumba, anabvula zobvala za kumtunda naima mabere ali pamtunda pamaso pa mlendoyo ndi apolisi.

Awerengi a ku Petauke ndi ku Nyimba safuna womasulira pa nkhani iyi. Kwa Ansenga mwana ndi wa kucikazi, ndipo ufumu wa Mwape ndi wa Nyanje wakhala m'manja mwa azimai. Kumudzi aliyense adziwa kuti ncembere ikafika pobvula pamaso pa anthu, zinthu zaipa kopitirira, ndipo wolakwayo wapatsidwa tsoka. Thupi lomwelo limene boma linali kulikaikira ndi kulifunsa makalata, iwo analisandutsa mlandu pa boma. Ena mwa azungu anayesa kuti ndi misala kapena kusowa ulemu. Anthu akuda anamva bwino lomwe cimene cinanenedwa. Nkhani imene isimbidwa kufikira lero ndi yakuti Bambo Macleod anagwetsa misozi.

Citaganya cinatha pa 31 December 1963, ndipo ufulu unadza pa 24 October 1964. Apa ndi pamene nkhani ya azimai iwawa. Pa masankho a January 1964, mwa mipando 75 ya Nyumba ya Malamulo, azimai anapata itatu cabe: Mai Nakatindi Yeta Nganga, Mai Ester Banda ndi Mai Margaret Mbeba. M'bungwe loyamba la nduna munalibe mzimai ngakhale mmodzi. Panapita zaka 9 kufikira Dr Mutumba Bull anakhala nduna mu 1973. Azimai amene anaima pa makomo a mabucala anapatsidwa citenje ca cipani ndi malo pa bwalo la ndeke, kuti aimbe ndi kubvina pofika akuluakulu. Amuna anati ndale zifuna maphunziro. Koma tsiku lokomana ndi apolisi palibe anafunsa Mai Julia satifiketi ya sukulu.

Iwo sanataye cipani cao. Anakhalabe m'gulu la azimai, limene mu 1975 linayamba kuchedwa Women's League, ndipo Bambo Kaunda anawapatsa mendulo ya ulemu cifukwa ca nchito yao.

Mai Chikamoneka anamwalira pa 20 March 1986, ndipo boma linawacitira maliro a ulemu. Pa nthawi imeneyo mkazi wamasiye anali kulandidwabe katundu ndi abale a mwamuna, kufikira mbale ndi mphasa, popanda lamulo lomveka lomteteza. Lamulo la cuma ca masiye linakhazikitsidwa mu 1989, patapita zaka zitatu iwo ali m'manda. Linapatsa ana magawo 50 pa 100, mkazi kapena mwamuna wotsala 20, makolo a malemu 20, ndi ena odalira malemuyo 10. Mzimai woyamba kukhala waciwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Mai Inonge Wina, anakhala pa mpandowo mu January 2015.