D. W. Griffith ndi Kanema Yemwe Anautsa Chidani

David Wark Griffith anabadwa pa 22 January 1875 m'chigawo cha Kentucky ku America. Bambo ake anali msilikali wa mbali yakummwera, yomwe inamenyera kuti ukapolo upitirire, ndipo anamwalira mwanayo ali ndi zaka khumi. Griffith anayamba ngati wochita zisudzo, koma sizinamuyendere. Mu 1908 anayamba kutsogolera makanema ku kampani ya Biograph, komwe anapanga afupiafupi opitirira 400.

Makanema a nthawi imeneyo anali opanda mawu. Oonera ankawerenga ziganizo zolembedwa pachinsalu, oimba akuimba m'holomo. Kuti anthu abwere, opanga makanema ankakonda kutenga nkhani yomwe yatchuka kale pasiteji. Griffith anasankha The Clansman, buku komanso sewero la Thomas Dixon la 1905, lotamanda gulu lozunza anthu akuda la Ku Klux Klan.

Kanemayo, wa maola pafupifupi atatu, anaonetsedwa koyamba ku Los Angeles pa 8 February 1915, patangopita masiku asanu John Chilembwe ataphedwa kuno kwathu. Chilembwe anaphunzira ku Lynchburg, Virginia, pakati pa anthu omwewo amene kanemayu ankawanyoza.

Katsatsidwe kake n'kumene kandidabwitsa. Ife amene tinakulira ku Balaka ndi ku Liwonde timadziwa kutsatsa kwa bolodi lolembedwa ndi choko pakhomo pa nyumba yoonetsera mavidiyo. Dixon sanachite zimenezo: anapita kwa mnzake wakuyunivesite, Pulezidenti Woodrow Wilson, ndipo kanemayo anaonetsedwa ku White House. Dzina linasinthidwa kukhala The Birth of a Nation. Ku New York tikiti inafika madola 2, mtengo wa zisudzo zapamwamba, kuti olemera asamuone ngati zachibwana. Bungwe la NAACP linachita zionetsero zomutsutsa, koma phokosolo linakopanso anthu ena. Chaka chisanathe, gulu la Klan linadzukanso ku Georgia.

Griffith sanavomere kuti analakwa. Mu 1920 anabwereza njira yomweyo, n'kulipira madola 175,000 kuti apange kanema kuchokera ku sewero lakale la Way Down East, ndipo anapindula kwambiri. Makanema olankhula atabwera, mwayi wake unatha. Womaliza anatuluka mu 1931. Anamwalira ku Hollywood pa 23 July 1948. Mu 1999 bungwe la otsogolera makanema ku America linachotsa dzina lake pa mphoto yawo yaikulu.