Jack ‘Africa’ Chamangwana, mwala wotchinga kumbuyo

Mkangano wakuti katswiri weniweni wa mpira m’dziko muno adali ndani sukutha. Mukakhala pansi ndi madoda a ku Ndirande kapena ku Bangwe amene adaonerera mpira wa m’zaka za m’ma 1970, dzina loyamba kutuluka ndi la Kinnah Phiri, ndipo chifukwa chake n’chosavuta: adamwetsa zigoli 71 m’timu ya dziko lino, chiwerengero chimene palibe Mmalawi wina adachifikapo. Ena amatchula Lawrence Waya, ena Ernest Mtawali. Koma wa Manoma akakhalapo pagululo, salola kuti nkhaniyo ithe asadatchulidwe malemu Jack Chamangwana.

Vuto lake n’lakuti Chamangwana ankasewera kumbuyo. Womwetsa zigoli ntchito yake imawerengeka ndi zala, pamene wotchinga kumbuyo akagwira bwino ntchito palibe chimaoneka: mpira umene ukadalowa muukonde sulowa, ndipo anthu amabwerera kwawo akukamba za wina.

Chamangwana adabadwa pa 30 April 1957 ndipo mbiri yake ya mpira idamera ku Wanderers, timu ya pamsewu wa Lali Lubani mumzinda wa Blantyre. Masiku amenewo, monganso lero, mzindawu udali wogawikana pawiri, ofiira a Bullets ndi obiriwira ngati thambo a Wanderers. Matimu awiriwa akakumana pabwalo la Kamuzu, Kinnah ankatsogolera nkhondo ya Bata Bullets kutsogolo, ndipo mmodzi mwa anthu amene ankayenera kumutsekera njira adali mnyamata ameneyu, wocheperapo ndi zaka zitatu. Iwo amene lero amakangana za awiriwa amaiwala kuti Loweruka lina ankalimbana, Loweruka linzake n’kuvala yunifomu imodzi.

Adayamba kusewerera dziko lino mu 1975 ali ndi zaka 18 zokha, pamasewero olimbana ndi Kenya. Kuchokera pamenepo malo ake sadagwedezeke kwa zaka khumi, ndipo adafika pokhala kaputeni. Adasewera magemu 133. Amene amamuposa ndi mmodzi yekha, Young Chimodzi, yemwe adasewera 159. Tangoganizani: magemu 133 m’zaka khumi ndiye kuti chaka chilichonse ankavala yunifomu ya dziko koposa kakhumi ndi katatu, aphunzitsi n’kumasinthana, iye ali pompo.

Zaka zimenezo ndi zimene mpira wa Malawi udafika pachimake. Mu 1978 dziko lino lidachititsa mpikisano wa East and Central Africa Senior Challenge Cup, umene ambiri amautchula kuti CECAFA, ndipo timu yophunzitsidwa ndi Mngelezi Ted Powell idagonjetsa Zambia 3-2 m’ndime yotsiriza. Chaka chotsatira chikhocho adakachiteteza ku Kenya, komwe adaswa eni bwalo 3-2. Kunalibe wailesi yakanema m’Malawi muno nthawi imeneyo. Banja lonse, ndi oyandikana nawo omwe, ankaunjikana pawailesi imodzi kumvera MBC, ndipo ku Balaka, ku Mchinji kaya ku Karonga anthu ankadziwa maina a osewera amene nkhope zawo sadazionepo. Dzina lakuti ‘Africa’ lidamukakamira Chamangwana mpaka ana ena ankayesa kuti ndi lobadwa nalo.

Mu 1984 Malawi idapita koyamba kundime yotsiriza ya Africa Cup of Nations ku Ivory Coast, itachotsa Zimbabwe ndi Madagascar. Kinnah panthawiyo adali atapita kale ku Swaziland, dziko limene tsopano likutchedwa Eswatini. Chamangwana adalipo. Mumzinda wa Bouaké timuyi idagonja 3-0 ndi Algeria, idalepherana 2-2 ndi Nigeria, kenako idagonja 1-0 ndi Ghana. Sizidali zotsatira zoimbira nthungululu, komabe Nigeria yomweyo ndi imene idakafika mufainolo, ndipo padatenga zaka 26 kuti Malawi ipondenso pampikisanowu.

Apa ndiye pamene nkhani ya mphotho imalowa. Mphotho ya wosewera wopambana onse mu Africa idayamba mu 1970, ndipo m’zaka zimene Chamangwana ankasewera inkaperekedwa ndi magazini ya France Football potsatira mavoti a atolankhani. Mu 1978 adaitenga Karim Abdul Razak wa ku Ghana, mu 1979 goloboyi Thomas N’Kono wa ku Cameroon, mu 1984 Théophile Abéga, wa ku Cameroon komweko. Wotchinga kumbuyo adaipatako mu 1973, Bwanga Tshimen wa ku Zaire. Kum’mwera kuno idadzafika mu 1988 kudzera mwa Kalusha Bwalya wa ku Zambia, chaka chimene adamwetsa zigoli zitatu pothambitsa Italy 4-0 ku Olympics. Ngakhale ku Ulaya nkhani ndi yomweyo: pamndandanda wa amene adalandira Ballon d’Or, osewera kumbuyo ngati Franz Beckenbauer ndi Fabio Cannavaro ngowerengeka. Palibe Mmalawi adalandirapo mphotho ya Africa ija, ndipo wosewera kumbuyo wa dziko limene magemu ake sankaoneka pakanema kunja adalibe poyambira n’komwe.

Gemu yake yomaliza m’timu ya dziko idali mu 1985, polimbana ndi Mozambique. Adali ndi zaka 27 kupita 28, msinkhu umene wotchinga kumbuyo amakhala atangokhwima kumene. Mu 1986 adalowera ku South Africa kukasewerera Kaizer Chiefs. Chisankhochi chidali ndi mtengo wake. Dzikolo lidali pansi pa ulamuliro wa tsankho, bungwe la FIFA lidalichotsa mu 1976 ndipo lidadzabwezeretsedwa mu 1992, choncho wopita kumeneko ankadziwa kuti za mpira wa maiko wazitsanzika. Koma mpira wa kuno sunkadyetsa banja, ndipo osewera ambiri ankadalira ntchito kumakampani amene ankathandiza matimu awo. Anzake atapata mendulo ya bronze ku All-Africa Games ku Nairobi mu 1987 ndi kutenganso chikho cha CECAFA mu 1988, iye kudalibe.

Mtawali adali atatsogola kale kumeneko. Akusewerera Bloemfontein Celtic ndi dzina lakuti Ernest Chirwali, adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse mu ligi ya dzikolo mu 1985. Mtawali adali wapakati, wa miyendo yosangalatsa maso, mtundu wa wosewera amene ovota amamuona msanga. Chamangwana ulemu wake udabwera mwa njira ina. Ochemerera Chiefs adamupatsa dzina lachiwiri, ‘Black Stone’, kutanthauza mwala wakuda, ndipo mu 1988 eni timuyo adamudalira mpaka kumupatsa udindo wophunzitsa timu imene mudali akatswiri ngati Marks Maponyane ndi mnyamata wongotuluka kumene, Doctor Khumalo. Mlendo wa ku Malawi kupatsidwa chiwongolero cha timu yokondedwa kwambiri m’dziko la eni sichidali chinthu chamasewera.

Atabwerera, moyo wake wonse udathera pambali pa bwalo. Adaphunzitsako timu ya dziko kumapeto kwa zaka za m’ma 1990, adakaphunzitsa Young Africans ya ku Dar es Salaam, ndipo adakhala mkulu woona za luso kubungwe la FAM. Malawi itabwerera ku Africa Cup of Nations ku Angola mu 2010 n’kukabwezera Algeria chipongwe cha 1984 pomwetsa 3-0, mphunzitsi adali Kinnah, womuthandiza adali Chimodzi, ndipo Chamangwana adali nawo limodzi. Mu 2014 adathandizananso ndi Chimodzi kuphunzitsa Flames.

Ntchito yake yomaliza idali kwawo, ku Lali Lubani, ngati mkulu woona za luso. Mu 2017 Wanderers idatenga ligi ya TNM koyamba chichokereni 2006, iye ali pabenchi. Patangopita miyezi yochepa, pa 6 May 2018, adamwalira kuchipatala cha Gulupu mumzinda wa Blantyre, patatha sabata imodzi atakwanitsa zaka 61.