Élie Metchnikoff, Munthu Amene Adaona Asilikali a M'magazi

M'miyezi ya June ndi July, chisanu chikatsika m'phiri la Dedza ndi kukuta midzi ya ku Bembeke, chibayo sichisowa m'zipatala. Anthu awiri angagonekedwe tsiku limodzi, nthenda imodzi, mankhwala amodzimodzi. Wina pakutha pa sabata atuluka akuyenda yekha. Mnzake tizirombo timlowerera m'magazi, mtima uthamanga, mkodzo uleka, nzeru zisokonezeka, mpaka atsirizika. Madokotala amatcha vuto limeneli sepsis, ndipo m'chaka cha 2017 lidapha anthu pafupifupi 11 miliyoni pa dziko lonse. Kodi chimasiyanitsa anthu awiriwa nchiyani? Munthu amene adatsegula njira ya yankho sadali dokotala konse, koma mphunzitsi wa za tinyama ta m'madzi.

Élie Metchnikoff adabadwa pa 15 May 1845 m'mudzi wa Ivanovka, pafupi ndi Kharkov, m'dziko limene lero ndi Ukraine koma panthawiyo linkalamulidwa ndi mfumu ya Russia. Amayi ake adamletsa udokotala poona kuti mwanayo adali wa mtima wosalimba pa zowawa za ena. Tsono iye adasankha maphunziro a zamoyo, ndipo ntchito ya zaka zinayi ya pa yunivesite adaimaliza m'zaka ziwiri.

Mavuto sadachedwe kumpeza. Mkazi wake woyamba, Ludmila, adali ndi chifuwa chachikulu, kotero kuti pa tsiku la ukwati adachita kumnyamula pa mpando popita ku tchalitchi. Adamwalira mu 1873, ndipo Metchnikoff, atasweka mtima, adayesa kudzipha koma adapulumuka. Mu 1875 adakwatira Olga, amene adakhala naye mpaka imfa. Mu 1882, ndale zitavuta m'masukulu a ku Russia, adatula pansi uphunzitsi pa yunivesite ya Odessa nasamukira ku Messina, pa chilumba cha Sicily, komwe adasandutsa chipinda cha nyumba yake kukhala malo ofufuzira.

Tsiku lina, abale ake atapita kokaonera masewero, iye adatsala yekha akuyang'ana pa maikulosikopu ana a kanyama ka m'nyanja kooneka ngati nyenyezi. Tianati ndi toonekera mkati ngati madzi, ndipo m'matupi mwake mumayendayenda maselo, tizigawo tamoyo tosaoneka ndi maso. Ganizo lidamfikira lakuti mwina maselo oyendawa ndi alonda. Adatuluka, nathyola minga ya maluwa, nailasa m'tianato. Usiku umenewo sadagone. Kutacha adapeza maselo aja ataunjikana mozinga minga.

Aliyense amene adapondapo munga pobusa ng'ombe amawadziwa mafinya. Akatswiri ambiri a masiku amenewo ankaganiza kuti maselo oyera a m'mafinya ndiwo amanyamula tizirombo ndi kutifalitsa m'thupi. Metchnikoff adatembenuza nkhaniyo: maselowo amathamangira pa bala kukameza mdani, ndipo mafinya ndiwo mitembo ya pa nkhondoyo. Mu 1883 adawapatsa dzina lochokera ku Chigriki lakuti phagocytes, kutanthauza maselo akudya.

Ntchito imene ife tikuiona yoposa zonse ndi ya mu 1884, ngakhale kuti siitchuka ngati ya minga ija. Adatenga kanthata ka m'madzi kotchedwa Daphnia, kamenenso nkoonekera mkati. Kanthataka kamadwala kakameza njere za nkhungu zosongoka ngati singano, zimene zimaboola matumbo. Iye adakhala masiku akuonerera. Pamene maselo akudya adameza njere zonse, kanthatako kadachira. Pamene njere zidachuluka ndi kuwaposa mphamvu maselowo, kadafa. Motero adatha kudziwiratu kamene kachire ndi kamene kafe, osati poyang'ana mdani yekha, koma poyang'ananso mphamvu za alonda.

Mfundo imeneyi ndiyo madokotala akuitsata lero pa sepsis. Poyamba chitetezo cha thupi chimalusa mopitirira, mpaka kuononga mapapo ndi impso za mwini wake. Pambuyo pake, mwa odwala ambiri, chimalefuka. Maselo otchedwa lymphocytes amachepa m'magazi. Ena otchedwa monocytes, amene ali a fuko lija la maselo akudya, amataya chizindikiro chotchedwa HLA-DR, chimene amaonetsera mdani kwa anzawo. Chizindikirochi chikakhala chotsika kwa masiku angapo, wodwalayo amakhala pa ngozi yaikulu yogwidwa ndi nthenda yachiwiri ndiponso yomwalira.

Kuno kwathu phunziroli tidalilandira mowawa. M'zaka zoyandikira 2000, ofufuza a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre adapeza kuti mtundu wina wa Salmonella, umene kwa munthu wolimba umangotsegula m'mimba, udali mwa tizirombo topezeka kwambiri m'magazi a akuluakulu odwala malungo aakulu. Pafupifupi onsewo adali ndi HIV, ndipo maselo awo a CD4 adali atatsika zedi. Boma litayamba kugawa ma ARV aulere mu 2004, matenda otere adayamba kuchepa. Kuyeza HLA-DR kumafuna makina odula amene si a m'chipatala chilichonse. Namwino wa kumudzi amadalira kuwerenga mpweya, kuyeza kuthamanga kwa magazi ndi kuona ngati wodwala akuyankha bwino. Wachinyamata amene akulingalira za unamwino asazipeputse zitatuzi, pakuti zimamuuza msanga yemwe ayenera kutumizidwa ku chipatala chachikulu.

Tibwerere kwa mwini nkhani. Akatswiri a ku Germany adamtsutsa kolimba, ponena kuti chimene chimapha tizirombo ndi madzi a m'magazi, osati maselo. Mu 1890 Emil von Behring adaonetsa kuti madzi amenewa angathedi kuteteza ku matenda, ndipo ambiri adayesa kuti Metchnikoff wagonja. Koma iye adali atapeza kale pothawira: Louis Pasteur adamlandira ku Paris mu 1888 nampatsa malo ogwirira ntchito. Kumeneko adalimbana ndi otsutsa ake zaka zambiri, kawirikawiri mwaukali woposa muyeso. Mu 1908 mphotho ya Nobel idagawidwa pakati pa iye ndi Paul Ehrlich wa ku Germany, wa mbali inayo, popeza zidaoneka kuti maselo ndi madzi a m'magazi zimagwira ntchito pamodzi.

Atakalamba adatembenukira ku funso la ukalamba. Ankakhulupirira kuti tizirombo ta m'matumbo ndito timakalambitsa munthu, ndipo kuti mkaka wosasa, wonga chambiko chathu, ungatigonjetse. Adaumwa tsiku ndi tsiku, ndipo anthu a ku Ulaya adamtsanzira mwaunyinji. Apa adapitirira pamene umboni udalekezera. Nthenda ya mtima idamtenga pa 15 July 1916, ali ndi zaka 71, nkhondo yaikulu yoyamba ili mkati. Monga adapemphera yekha, mtembo wake udatenthedwa, ndipo phulusa lake adaliika m'nyumba ya mabuku ya pa Institut Pasteur.